Mchombo wa Clinton

1. Liwu Lochititsa Manyazi

Dzuwa la ku Tete silidikira kuti munthu amalize kumwa tiyi. Pofika nthawi ya maphunziro, malaya a Tomásia anali atamata kale pamsana.

Tomásia anali mtsikana wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Chimenechi chinali chaka chake chachitatu akuphunzira udokotala. Kumudzi anali atayamba kale kumutchula kuti adokotala, iye n'kumavomera, ngakhale anali asanachizepo ndi chimfine chomwe.

Tsiku limenelo ophunzira anapita ku wodi ya ana. Wowaphunzitsa anali Dotola Gertrudes, mayi wamfupi wa imvi, wosadziwa kunyengerera. Anaima pafupi ndi bedi la khanda lina lalimuna n'kuloza Tomásia.

"Tiyerekeze kuti mayi wa mwana uyu wachokera kumudzi ndipo sadziwa Chipwitikizi. Umuuza kuti ukufuna kuona chiyani?"

"Testículos, Dotola."

"Ndati sadziwa Chipwitikizi. Nena m'chilankhulo cha amako."

Tomásia anayang'ana pansi. Anzake anayamba kuseka chobisa. Chipwitikizi n'chabwino potero: munthu amatchula nacho chilichonse popanda kutuluka thukuta.

"Machende," anatero Dotola Gertrudes mokweza. "Onani, ndatchula ndipo denga silinagwe. Tsopano lekani kuseka, mumve.

"Mwana wamwamuna ali m'mimba mwa amake, machende ake amakhala m'kati mwa mimba yake. Amatsika pang'onopang'ono, ndipo ana ambiri amabadwa atafika kale m'kathumba. Koma ena amaima panjira. Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi asanatsike, musadikirenso, sadzatsika okha. Pamafunika opaleshoni, makamaka mwana asanakwane chaka ndi theka. M'mimba ndi motentha. Akakhalitsa m'menemo amawonongeka, ndipo mwanayo akadzakula akhoza kulephera kubereka. Ena amadzadwala khansa ali anyamata.

"Chimene chimandiwawa n'chakuti vutoli silipweteka. Mwana amadya, amasewera, salira. Ndiye ngati mayi achita manyazi, inunso n'kuchita manyazi, adzaone ndani? Ndakumana ndi amuna ometa ndevu akubwera kuno ndi akazi awo, akudandaula kuti mphatso palibe. Ndimawayeza n'kupeza kathumba kopanda kanthu. Munthu ameneyo ali khanda anadutsa m'manja mwa anthu ovala zoyera ngati inu."

Atatero anapempha chilolezo kwa mayi wa khandalo, napukusa manja ake mpaka afunde. Anafotokoza kuti dzanja lozizira limathawitsira machende m'mwamba, n'kumunamiza woyeza. Dzanja limodzi analiyambitsa pafupi ndi chiuno, n'kumalitsetsereza kulowera pachinena. Linalo linadikira mmunsi. Khandalo linali bwinobwino, ndipo ophunzira ena anayesa nawo mayi wake akuyang'ana.

2. Mwana Wosasambitsidwa ndi Wina

Tomásia ankakhala ku Matema, dera lina la mumzinda wa Tete, kwa mchimwene wake Mateus, amene ankayendetsa chigalimoto cha malasha ku Moatize. Mkazi wa Mateus, Carlota, anali wa ku Tsangano ndipo ankagulitsa kachewere ndi tomato kumsika. Anali ndi mwana mmodzi, Clinton, wa zaka zitatu, kamnyamata kolongolola ngati wailesi.

Carlota anali ndi lamulo limodzi lomwe aliyense pakhomopo ankalidziwa: Clinton sasambitsidwa ndi munthu wina. Ngakhale atatopa chotani, ankalowa naye yekha kubafa n'kutseka chitseko. Mwanayo sankayenda wopanda kabudula ngati anzake, ngakhale m'mwezi wa Novembala pamene nkhuku zomwe zimayenda zitayasama. Azimayi oyandikana nawo ankamutama kuti ndi mayi waukhondo. Tomásia ankangoti ndi matama.

Masana a tsiku la phunziro lija Carlota anachedwa. Galimoto ya kachewere yochokera ku Angónia inafika mochedwa, ndipo mwana anamusiya kwa mayi wa nyumba yoyandikana. Tomásia pofika anapeza Clinton atagwera m'ngalande ya madzi ochapira, matope mpaka m'makutu.

"Titiya, ndagwa!" anatero mwanayo monyadira. Titiya ndi mmene ankawatchulira azakhali akewo.

"Ndaona, bambo. Tiye ukasambe, ukununkha."

"Amama amakana."

"Amama kulibe. Tiye."

Anamuvula, namuika m'beseni la madzi amene anafunda okha ndi dzuwa. Atafika mmunsi pomupaka sopo, dzanja lake linaima. Kathumba kanali kakang'ono, kophwatalala, kosonyeza kuti sikananyamulepo kanthu.

Anamupukuta, namukhazika pamphasa atapinda miyendo, n'kumupatsa foni kuti azisewera nayo. Anachita zonse monga anaonera m'mawa. Kumanja anamva kanthu kakang'ono m'mwamba mwa chinena, koma kanakana kutsika. Kumanzere sanamve kanthu n'komwe. Anabwereza, kenaka n'kubwerezanso, akufunitsitsa kuti akhale kuti walakwitsa.

Sanalakwitse. Anamva chisoni chachikulu moti anangokhala pansi, mwanayo akuseka ndi foni.

3. Chinsinsi cha Carlota

Chitseko chinatseguka. Carlota anaima pakhomo, dengu lili pamutu. Ataona mwana ali wamaliseche, dengu linagwa ndipo tomato anamwazika nyumba yonse.

"Alamu, mwatani? Ndani wakutumani?"

Anamukwatula mwanayo, namukulunga m'chitenje.

"Alamu, Clinton ali ndi vuto," anatero Tomásia. "Mukulidziwa, si choncho?"

Carlota anamuveka mwana kabudula, namutuma kukasewera panja. Kenaka anatseka chitseko, nagwada pansi pakati pa tomato uja. Munthu wamkulu, mkazi wa achimwene ake, kumugwadira iye! Tomásia anasowa poyang'ana.

"Ndine ndinalakwa," anatero Carlota, misozi ili mbwembwembwe. "Mwanayu ndinamuberekera kuno ku Tete, kopanda munthu wamkulu wondidikirira m'chikuta. Bambo a Clinton anali ku ntchito. Kwathu anandiuza kuti mwana wamwamuna uzimuyang'anira mpaka mchombo utagwa, chifukwa ukagwera pa umuna wake, wamupha ubambo. Ndinayesetsa, alamu. Koma tsiku lina masana kunatentha, ine n'kugona tulo. Podzuka ndinapeza mchombo wagwera m'thewera, pakati penipeni pa miyendo. Nditayang'ana bwino ndinaona kuti kathumba kalibe kanthu. Ndinadziwa kuti ndamuwononga mwana wanga ndi tulo."

"Ayi, alamu! Mchombo ndi kachikopa kouma chabe. Mwanayu anabadwa choncho. Kuchipatala amakonza zimenezi. Tachedwa kale, koma tikachedwanso ndiye kuti zidzaipiratu."

"Inu mukunena za kusukulu. Apongozi akamva adzafunsa za kusukulu? Adzati ndinabisa. Ndipo n'zoona, ndinabisa. Ku sikelo ndinkamuyezetsa ali ndi thewera. Akadwala ndinkangoonetsa pachifuwa. Bambo ake amene sadziwa." Anagwira miyendo ya Tomásia. "Por favor, chonde, alamu. Mukanena, ukwati wanga watha. Ndipatseni nthawi ndilimbe mtima. Lonjezani."

Tomásia analonjeza. Akanatani, munthu atamugwira miyendo? Awiriwo anayamba kutola tomato uja.

4. Chenjezo la Amayi Leopoldina

Loweruka kunabwera alendo. Amayi Leopoldina, mayi wa Mateus ndi Tomásia, anatsika chapa, minibasi ya kuno, atanyamula thumba la nyemba ndi madandaulo a kutentha. Anati akhala sabata ziwiri.

Tomásia anaganiza zoyesa kaye madzi. Mwina amayi ake sankakhulupiriranso za mchombo, ndipo Carlota ankangodziopseza. Lamulungu atabwera ku tchalitchi, akusankha nyemba pakhonde, anafunsa ngati wongocheza.

"Amayi, kusukulu tikuphunzira za makanda. Kodi zija amanena za mchombo wa mwana wamwamuna, alipo amazikhulupirirabe?"

Amayi Leopoldina anaika lichero pansi. Carlota anali pomwepo, akutsuka mbale.

"Iwe, sukulu isakupusitse. Ukuyesa akuluakulu ankangolankhula kuti pakamwa pasanunkhe? Mkazi akabereka mwana wamwamuna, ntchito yake m'chikuta ndi imodzi: maso pa mchombo. Sagona ngati chidakwa. Ine pa Mateus ndinkagona chokhala, msana uli kukhoma, mpaka mchombo unagwera m'dzanja langa. N'chifukwa chake lero Mateus ali ndi mwana.

"Ukuwakumbuka amalume ako aang'ono aja anamwalira opanda mwana? Anakwatira kawiri konse, akazi onse n'kuwathawa. Mudzi wonse unkawaseka kuti anagwa mu mpapaya. Vuto linali amayi awo owabereka, mkazi wachiwiri wa bambo anga, anali aulesi. Mpaka imfa yawo, palibe anawapatsako khanda kuti anyamule. Ndikukuuza, mwana wanga, mkazi wogona m'chikuta aposa mfiti. Mfiti imapha munthu mmodzi, iye amapha mtundu. Ndipo woipitsitsa ndi amene amati zikachitika n'kubisa. Woteroyo pakhomo pa mwana wanga sangagone."

Mbale inagwa m'manja mwa Carlota. Amayi Leopoldina anamuyang'ana, kenaka anayang'ana Tomásia, kenaka Clinton amene ankakoka kagalimoto ka waya pabwalo. Anatola lichero n'kupitiriza kusankha nyemba.

Kuyambira tsiku limenelo Carlota anasiya kudya bwino. Ankapita ndi Clinton kumsika tsiku lililonse, kuopa kumusiya ndi agogo ake. Tomásia akamufunsa za kuchipatala, yankho linali limodzi: "Apongozi achoke kaye."

5. Njira Yachidule

Patatha sabata, Lolemba, Tomásia anadikira kuti anzake atuluke, n'kufotokozera Dotola Gertrudes zonse. Mayiyo anavula magalasi ake, napukuta kumaso.

"Zaka zitatu, mbali zonse ziwiri," anatero pang'onopang'ono. "Sindikunamiza, mwana wanga, tachedwa. Sindingalonjeze kuti adzabereka. Koma mwayi ulipobe, ndipo ukuchepa mwezi uliwonse. Dokotala wa opaleshoni ya ana amaona odwala Lachinayi. Ubwere naye ndi mayi wake.

"Koma undimvetse. Za mchombo ndazimva kwa zaka zambiri. Si zoona, koma mantha a mayiyo ndi oona. Usamuseke, usamukankhe, ndipo usamulambalale. Mwana wa zaka zitatu sabwera yekha kuchipatala, amabwera pamsana pa amake. Ukataya mayi, wataya mwana. Ngati akuopa kubwera kuno, ndiuze, ndipita ine kumsika ndikagule tomato wake, tikacheze ngati akazi. Zinthu izi zimafuna kuleza mtima. Inu achinyamata mukadziwa choona mumafuna aliyense achimve lero lomwe."

Tomásia anathokoza. Koma mawu amene anatsala m'mutu mwake anali akuti mwayi ukuchepa. Enawo anawasiya pakhomo la wodi.

Madzulo ake anapemphanso Carlota. Carlota anakana. Za dokotala wofuna kubwera kumsika Tomásia sanatchule n'komwe. Anaona kuti imeneyo ndi njira yaitali. Achimwene ake anapitako kusukulu, amalankhula Chipwitikizi, amayendetsa makina aakulu. Iwo akanamvetsa msanga, ndipo ndi bambo wa mwana.

Lachiwiri dzuwa litapendeka anakawadikira pamsewu, pamene basi ya antchito a ku Moatize imaimira. Mateus anatsika, maso ali ofiira ndi fumbi la malasha.

"Mano," anatero Tomásia, monga amaitanira achimwene m'Chipwitikizi, "ndikufuna tilankhule za Clinton."

Anafotokoza m'Chipwitikizi, mwadongosolo, ngati akuyankha mayeso. Mateus anamvetsera bwino, akugwedeza mutu. Anafunsa ngati opaleshoniyo ndi yoopsa. Anati Lachinayi apempha tchuthi. Tomásia anapuma, n'kudziona kuti wachita zanzeru.

Atayenda pang'ono, Mateus anaima.

"Koma dikira. Amamusambitsa ndi amake tsiku lililonse. Zaka zitatu osaona?"

Tomásia anapitiriza kuyenda ngati sanamve.

"Ndikufunsa iwe. Amake akudziwa?"

"Akudziwa, mano. Koma ankaopa. Ankaganiza kuti ndi chifukwa cha mchombo, poti unagwera..."

"Mchombo unagwera pati?"

Funso limeneli Mateus sanalifunse m'Chipwitikizi. Tomásia anayesa kubweza mawu ake, koma anali atatuluka kale. Mateus anayamba kuyenda mofulumira moti mlongo wakeyo ankachita kuthamanga pambuyo.

Zimene zinachitika pakhomo sizifuna kufotokoza zambiri. Mateus anaitana amayi ake ndi mkazi wake pakhonde. Anafunsa mokuwa, anthu oyandikana nawo n'kutuluka m'nyumba zawo. Amayi Leopoldina anamuvula Clinton kabudula pamaso pa onse, naona okha, nayamba kulira ngati pagwa maliro. Mwanayo analiranso, osadziwa chimene walakwa.

"Amayi, si mchombo!" anakuwa Tomásia. "Ndi matenda, amachizika! Alamu sanalakwe!"

"Iwe khala chete, sunabereke," anatero amayi ake.

Carlota sanadziteteze. Anangomuyang'ana Tomásia kamodzi, n'kunyamula mwana wake kulowa naye m'nyumba.

6. Foni ya Masana

M'mawa wa Lachitatu chitseko cha kuchipinda chinali chotseka. Tomásia anagogoda, osayankhidwa. Anapita ku maphunziro, koma sanamve chilichonse. Nthawi yopuma itakwana anakauza Dotola Gertrudes zimene anachita. Mayiyo sanamukalipire. Anangoti, "Thamanga kunyumba," ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipiridwa.

Anakwera njinga yamoto mpaka ku Matema. Pakhonde anapeza amayi ake atakhala okha, atagwira tsaya.

"Alamu ali kuti?"

"Funsa mphepo. Ine ndinapita kukagula makala, pobwera ndapeza mulibe munthu."

Tomásia analowa kuchipinda. Zovala za Carlota munalibe. Za Clinton munalibenso. Anathamangira kumsika, napeza benchi la Carlota lili ndi kachewere wake yense, lopanda mwini. Amayi ogulitsa pafupi anati sanamuone. Anaimbira Mateus ku ntchito, koma iye anangoti, "Musiye apite kwawo akaganize," n'kudula.

Anapita kumene amakwerera chapa za ku Tsangano. Anafunsa makondakitala mmodzimmodzi za mayi wobereka kamnyamata ka zaka zitatu. Onse anapukusa mitu. Anaimba foni ya Carlota kambirimbiri, osayankhidwa. Pomaliza anakhala pamwala m'mphepete mwa msewu, dzuwa likumuwotcha, nalira osasamala za anthu odutsa. Ankafuna kupulumutsa mwana, koma tsopano sankadziwa ngakhale kumene mwanayo ali.

Ali pomwepo foni inalira. Anali Carlota.

"Alamu! Muli kuti? Chonde bwererani. Mawa ndi Lachinayi, adokotala akutidikira. Ndikupepesa, alamu, ndinalakwa ine."

"Munalonjeza," anatero Carlota. Mawu ake anali ouma, opanda mkwiyo.

"Ndikudziwa. Koma Clinton..."

"Clinton agogo ake anamuvula pamaso pa Matema yense. Ana anzake ayamba kale kumutchula dzina m'mawa uno. Mukufuna akulire pamenepo?"

"Ndiye ndibwera ku Tsangano. Tikamutengere kuchipatala china, kulikonse kumene mungafune."

"Ku Tsangano sindikupita. Apongozi aimbira kale anthu akwathu, nkhani yafika ine ndisanafike. Ndikupita kumene kulibe wodziwa mwana wanga, ndipo palibe adzamuvulenso. Ndaimba kuti musavutike kutifuna."

"Alamu, mukamubisa sadzachira! Nthawi ikutha!"

M'fonimo munkamveka magalimoto akuluakulu ndi anyamata akukuwa, "Kwacha, metikali! Kwacha, metikali, sinthani pano!"

Tomásia anaimirira. Anyamata osintha ndalama ngati amenewo anawaonapo malo amodzi okha pa msewu wochokera ku Tete: pa chipata cha Zóbuè, polowera ku Malawi.

"Titiya!" anamveka Clinton chapatali. "Titiya, takwera galimoto yaikulu!"

"Clinton! Bambo, uwauze amama..."

Foni inaduka. Tomásia anaimbanso. Mawu a makina anamuyankha mwaulemu m'Chipwitikizi kuti nambala imeneyo siikupezeka.